Chala M'kapu ya Mphesa

Abambo ake a Kamphesa anasiya uvuni wa njerwa, matebulo awiri okanyirapo ufa, njinga yonyamulira buledi, ndi kapu imodzi yachitsulo. Pa zonsezi, chimene chinamusowetsa mtendere mwana wawoyo ndi kapuyo.

Inali kapu yoyera ya mkombero wabuluu, yothyoka chogwirira, ndipo pansi pake dzimbiri linali litayamba kudya. M'kapu imeneyi ndi mmene malemuwo ankayezera zipatso zouma zothira mu buledi wawo wa zipatso: mphesa zouma, maapozi ouma oduladula ndi timakoko ta malalanje, zonse zosakaniza mu ndowa ya chivundikiro imene inkakhala pansi pa tebulo. Buledi wamba ankaphika m'mamawa, wambiri, wokagulitsa m'magolosale. Wa zipatsoyu ankaphika masana, bekale atatseka, uvuni utayamba kuzirala, ndipo sankagulitsa. Anali wa m'nyumba.

Dzina loti Kamphesa anamupatsa ndi abambo ake omwewo, chifukwa ali kamwana ankakonda kukhala pansi pa tebulo n'kumatola mphesa zogwa. Tsopano anali mayi wamkulu, imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu, koma mumsewu monsemo panalibe womudziwa ndi dzina lina.

Amayi ake mutu unali utayamba kale kuwathawa amuna awo asanamwalire. Ankaika nsapato m'kabati ya mbale, ankafunsa za anthu amene anapita kalekale, koma kudya kokha ankadya bwino. Chimwalirireni abambo, anasiya. Sanakane ndi ukali ayi. Ukawapatsa mpunga ankauyang'ana ngati ndi wa mlendo amene sanafike. Dzira ankaligwira m'manja mpaka kuzizira. Ankangomwa tiyi, timadzi ta msuzi pang'ono, basi, n'kukhala pa mpando wawo m'chipinda cha kuseri kwa bekale, bulangete m'miyendo, maso ali pa chitseko. Dzuwa likapendeka ankafunsa funso limodzi lokhalokha.

"Buledi wa abambo ako wapsa?"

Buledi wamba Kamphesa akanatha kuphika atatsinzina. Koma wa zipatso anali asanamukhudzepo, poti masana ndiyo inali nthawi yake yokwera njinga kukasiya buledi m'magolosale. Zaka zonsezo pobwerera ankangopeza fungo litadzaza nyumba, makolo ake atakhala pakhonde la kuseri, aliyense ndi chidutswa chake. Muyezo ankaudziwa ndi makutu okha: ufa wakutiwakuti, shuga, majarini, ndi zipatso kapu imodzi. Anayesa. Anadzaza kapu, n'kuthira, n'kuphika. Amayi ananunkhiza chidutswacho, n'kuchitobwanya ndi chala, n'kuchikankhira kumbali.

"Si uyu. Uyu ndi wa anthu ena."

Anamwino a pachipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu ankabwera ndi sikelo yawo yopondapo. Ankawaimika amayi, atawagwira m'khwapa, n'kuyang'ana pansi nthawi yaitali kuposa mmene nambala imafunira kuwerengedwa. "Apepukanso," ankatero chapansipansi ali pakhomo. "Sindikuopsezani, koma chonchi sitifika patali."

Mawu amenewa ndi amene anabweretsa achimwene ake a Kamphesa, chisamba cha m'nyumbamo, oyendetsa lole, amene ankakhala kutali mumzinda waukulu. Anafika ndi kabokosi kukhwapa, n'kukaika pa tebulo lokanyirapo ufa. Munali sikelo ya mabatire, yaing'ono ngati mbale, ya manambala owala.

"Vuto lako, iwe Kamphesa, ndi kapu," anatero. "Kapu ndi yabodza. Lero idzaza chonchi, mawa chonchi. Sikelo ilibe chibale."

"Nanga abambo zaka zonsezi ankaphikira sikelo?"

"Abambo sikelo yawo inali m'manja. Iwe ndi ine m'manja mwathu muli zala basi."

"Nenani zanu, achimwene. Zanga zimadyetsa msewu wonsewu."

"Zimadyetsa msewu, koma amayi zawakanika. Taona kuno."

Anamuonetsa batani lochotsera kulemera kwa kapu kuti patsale kwa zipatso zokha. Kenako anayang'ana pa foni yawo n'kumuwerengera zimene ophika ena amanena: kapu ya mphesa zouma imalemera cha m'ma magalamu 150, ya maapozi ouma sifika n'komwe pa 100, poti maapozi ndi opepuka ndipo amasiya mipata. Ndiye zikakhala zosakaniza, anatero, palibe angakuuze koma sikelo. Anatunga zipatso mu ndowa, n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Manambala anavinavina n'kuima pa 130.

"Yambira pamenepa. Uzikwera pang'ono, uzitsika pang'ono, mpaka amayi avomere. Ukaipeza nambalayo, kapu iyi ikadzabooka sudzalira."

Kamphesa anaona kuti ndi nzeru, ndipo anathokoza. Koma achimwenewo sanathe. Anapukuta manja pa buluku, n'kuyang'ana chitseko cha kuchipinda, n'kutsitsa mawu.

"Ndibweranso mwezi ukamatha. Ndikawapeza asakudyabe, ndiwatenga. Kuchipatala chachikulu akawadyetsera m'paipi."

"Achimwene, amayi sadziwanso malo ena koma zipinda zinozi. Mukawachotsa muno sabwereranso."

"Ndikudziwa, mlongo wanga. Koma ndingowasiya azitha ngati sopo, ine ndikuyang'ana?"

Lole itanyamuka Kamphesa anakhala pa thumba la ufa, sikelo ikumuyang'ana ndi kadiso kake kowala.

Kuyambira pamenepo madzulo alionse, akabwera kokasiya buledi, ankasonkhezanso uvuni n'kuyesa. Anakweza magalamu, anatsitsa, anachulutsa mphesa n'kuchepetsa maapozi. Amayi ankanunkhiza, kutobwanya, kukankha. Buledi wokanidwayo ankapita kwa atelala, nkhalamba ya khomo loyandikana nalo, mnzawo wa malemu kuyambira ali anyamata, amene ankasokera pakhonde ndipo ankatchera khutu kwa amayi Kamphesa akachokapo.

"Mwana wa mnzanga, ukundilakwira," ankatero atelala akutafuna. "Amayi ako akuonda, ine mabatani akuduka. Mawa ndidzisokera buluku wina, ndipo nsalu ugula ndiwe."

"Koma akukoma ngati wa abambo?"

Atelala ankatafuna kaye nthawi yaitali. "Akukoma," ankatero. "Koma wa mnzanga uja ukaluma sunkasaka mphesa. Zinkakupeza zokha."

Ndiye tsiku lina masana, dzuwa lili ngwee, Kamphesa anabwera kokasiya buledi, n'kutsekula loko wa chitseko cha kumsewu, n'kuima pakhomo pomwepo. M'mawa anali atatsuka kapu ija n'kuivundikira pawindo monga mwa masiku onse. Tsopano inali pakati pa tebulo, chagada, yodzaza tho ndi zipatso. Sizinali zongotungidwa ayi. Zinali zotsindiridwa mpaka kugwirana ngati njerwa, zotumphukira pamwamba pa mkombero, ndipo pakati pake panali kadzenje kotakata, kophwatalala, ka chala chamanthu.

Chala chimenecho ankachidziwa. Abambo ake chala chawo chamanthu chinali chachikulu ngati supuni, chitaphwatalala ndi zaka zokanya ufa. Ali mwana ankachigwira ndi dzanja lonse akamawoloka msewu.

M'bekale munali zii. Ndowa inali pamalo pake, yovundikira bwinobwino. Kuseri kwa chitseko epuloni ya malemu, imene palibe analimba mtima kuichotsa, inali lende pa msomali wake, ikugwedera pang'ono, kaya ndi kamphepo kamene analowa nako iye mwini. Anathamangira kuchipinda. Amayi anali pa mpando wawo, bulangete m'miyendo, maso atatsinzina, monga anawasiyira. Panali patapita nthawi asanayende okha osagwiridwa mkono.

"Atelala, mwalowa m'bekale?"

"Ndilowe bwanji poti kiyi uli naye m'khosi ngati mkanda?"

"Simunaone munthu?"

"Ndaona mbuzi ya eni ake, ndi mayi wina wodzakangana nane za diresi. Chachitika n'chiyani?"

Sanawauze. Anatenga kapuyo ndi nsalu, osafuna kuikhudza ndi dzanja, n'kukakhuthula zipatsozo kuseri kwa mpanda kuti mbalame zidye. Kuzibwezera mu ndowa sakanatha, kuziphika sakanatha. Anaitsuka kapuyo ndi madzi otentha n'kuivundikiranso pawindo.

Mawa lake anaipezanso pa tebulo, yodzaza, chala chili pakati. Mkuja chimodzimodzi.

Anayamba kuopa masana. Anthu ena amaopa mdima, koma iye mdima wa m'mamawa unali mnzake, poti munkakhala moto, ufa ndi ntchito. Chimene chinkamuopsa ndi nthawi ija msewu umakhala phee, agalu atagona m'mithunzi, iye akukankha njinga kulowa pageti, akudziwa chimene chikumudikira. Pozungulitsa kiyi ankayamba watsokomola, ngati munthu wochenjeza wina kuti avale. Nthawi zina akamapukuta tebulo, sikelo yopanda kanthu inkasintha yokha manambala, kuchoka pa ziro kukwera pang'ono n'kubwereranso, ngati wina waikapo nsonga ya chala n'kuchotsa. Ankadziuza kuti ndi mabatire, kapena kutentha kwa uvuni. Ankaizimitsa ndithu, n'kuifunditsa nsalu.

Tsiku lina anati basi zakwana. Asanachoke anaikwirira kapuyo pansi pa ufa mu mgolo waukulu, n'kutseka, n'kusanjikapo thumba la shuga. Pobwerera anapeza tebulo lili mbee, lopanda kanthu, ndipo mtima unakhala pansi. Koma madzulo amenewo amayi sanafunse za buledi. Anatembenukira kukhoma, ndipo ngakhale tiyi anamukana, akubuula chamumtima ngati mwana amene watopa n'kulira. Kamphesa anagwidwa ndi mantha ena, oposa oyamba aja. Anaganiza kuti wawakwiyitsa malemu, ndipo mkwiyowo wagwera pa amayi. Anaifukula kapuyo, n'kuipukuta ufa, n'kuibwezera pawindo, akupepesa chamumtima kwa munthu amene sankamuona.

M'mawa mwake ndi pamene anawauza atelala. Nkhalambayo inasiya kupalasa makina, n'kuvula magalasi. Sinaseke.

"Ndiye zipatsozo ukumazitani?"

"Ndikumataya kuseri."

"Aa, iwe! N'chifukwa chake mbalame zandithera zovala pa chingwe." Anapukusa mutu. "Tamvera, mwana wa mnzanga. Ine za akufa sindizidziwa, ndikazidziwa posachedwapa. Koma mnzanga uja ali moyo sankataya ngakhale kakhoko ka buledi. Ngati ndi iye, ukumupsetsa mtima. Ngati si iye, ukungonenepetsa mbalame. Iwe ukusaka muyezo, wina akukuikira muyezo pa tebulo tsiku ndi tsiku, iwe n'kumataya. Sikelo uli nayo. Yeza."

Masana amenewo anayeza. Anagogoda kapuyo pa mbale ya sikelo, zipatso zinatuluka zonse pamodzi zitagwirana, kadzenje ka chala kali pansi. Manambala anathamanga, kupitirira ponse pamene iye anafikapo, n'kukaima pa 210.

Masiku onsewa ankakwera pang'ono n'kutsika pang'ono mozungulira kapu yosalazidwa ndi mpeni, pamene kapu ya abambo ake inali yotsindira. Kapu imodzi yomweyo, koma kulemera kwake kosiyana chonchi.

Anaphika ndi zipatso zomwezo. Fungo limene linatuluka mu uvuni linamukhazika pansi, poti linali lija ankalipeza pobwera ndi njinga. Koma buledi atazizira anaona kuti pakati pafwamphuka pang'ono, ndipo podula mkati munali monyowa, zipatso zitaunjikana pansi. Zinali zitachuluka, ngakhale sizinachuluke kwambiri. Amayi anachigwira chidutswacho nthawi yaitali. Anachinunkhiza kawiri. Anachifikitsa mpaka pamlomo. Kenako anachiika pa mbale pang'onopang'ono.

"Sanandipatse," anatero.

"Ndani, amayi? Sanakupatseni chiyani?"

Amayi anangoyang'ana chitseko.

Mwezi unali ukutha. Achimwene anaimba foni kuti afika mawa lake masana, ndipo abwereka galimoto yaing'ono ya mnzawo kuti amayi akakhale bwino pa ulendo. Anamuuza kuti alongedze zovala ndi mabulangete. Kamphesa anavomera, koma chikwama sanachitsitse pamwamba pa kabati.

Tsiku limenelo ananyamuka ndi njinga monga mwa nthawi zonse, koma asanafike n'komwe pa golosale yachiwiri tayala lakumbuyo linaphwa. Anasiya buledi yense kwa mwini golosale yoyamba kuti enawo adzatengere pomwepo, n'kubwerera akukankha. Poti njinga inafunika kumata, sanalowere kumsewu, analowera geti lakuseri, n'kudutsa m'kachipinda kosungiramo matumba a ufa. Ali m'menemo anamva chivundikiro cha ndowa chikulira m'bekale.

Anafuna kuthawira kwa atelala, koma anakumbukira galimoto ya mawa, ndipo anasendera ku chitseko chimene chinali chotseguka pang'ono, n'kuika diso pa mpata.

Anali amayi.

Anali opanda nsapato, bulangete litatsala kuchipinda, dzanja limodzi litagwira m'mphepete mwa tebulo. Munthu amene ankadikira kugwiridwa mkono kuti aimirire anali atayenda yekha motsatira khoma, kutenga kapu pawindo, n'kukoka ndowa. Anaima mbali ya uvuni, pamene pankaima abambo, pamene simenti inachita kuperepeseka ndi mapazi awo. Anatapa zipatso ndi dzanja n'kudzaza kapu. Kenako anaphatikiza zala zawo zamanthu ziwiri, tizala towonda ngati timitengo, n'kuziika pakati, n'kutsamira ndi thupi lawo lonse lopepukalo. Anawonjezera zina, n'kutsindiranso. Atachotsa manja, pakati panatsala kadzenje kotakata, ka chala chimodzi chachikulu.

Anavundikira ndowa n'kuikankhira pamalo pake ndi phazi. Ndiyeno, akugwira tebulo, anazungulira pang'onopang'ono mpaka kufika mbali inayo. Anaima moyang'anana ndi malo opanda munthu aja, n'kukonza mpango kumutu, n'kutambasula dzanja lamanja, chikhatho chili m'mwamba.

Anadikira.

Kamphesa anawayang'ana amayi ake ataima choncho, dzanja osalitsitsa, nkhope ili ndi kachimwemwe ka munthu amene akudziwa kuti chake chikubwera. M'bekale munali zii, kupatula njerwa za uvuni zimene zinkathetheka pozirala. Ndipo pamenepo anakumbukira, osati ndi mutu koma ngati kuti wabwereranso pansi pa tebulo lija, kamwana ka maondo a fumbi. Kuchokera pansipo sankaona nkhope, ankaona mapazi. Nsapato za abambo zoyera ndi ufa mbali iyi. Mapazi a amayi akubwera kuchokera kuchipinda n'kudzaima mbali iyo. Ndiyeno mawu a abambo pamwamba pa mutu wake: "Yambani ndinu, amake ana, mundiuze ngati zili bwino." Mphesa zimene iye ankatola zija, zimene zinamupatsa dzina, zinkagwa pa nthawi imeneyo, pochoka m'zala za abambo kupita m'chikhatho cha amayi.

Muyezo wa malemu sunali kapu yotsindira yokha. Unali kapu yotsindira, kuchotsapo za akazi awo. Mbali ya amuna awo amayi ankaichita yonse tsiku ndi tsiku, mpaka kubwereka chala. Chimene chinkawakanika ndi chimodzi chokha, chimene munthu sangadzichitire yekha.

Dzanja lija linayamba kutsika. Kamphesa sanaganize zambiri. Anakankha chitseko mwakachetechete, n'kudutsa kumbuyo kwawo. Epuloni ya abambo inali pomwepo pa msomali. Anaichotsa, n'kuivala. Inamufika m'akakolo, ndipo inkanunkhirabe utsi ndi sopo wawo. Anakaima pa simenti yoperepeseka ija. Amayi sanadzidzimuke. Maso awo anali pa epuloni, osati pa nkhope, ndipo dzanja linakweranso.

Anatsina zipatso pamwamba pa kapu n'kuziika m'chikhathomo. Kenako anayankhula mawu a abambo ake aja.

"Yambani ndinu, amake ana. Mundiuze ngati zili bwino."

Chikhatho sichinafumbate. Chinakhalabe chotambasuka, chikudikira. Kamphesa anayang'ana zala zake, n'kukumbukira zala za abambo ake, ndipo anatsinanso zina n'kuwonjezera, n'kuwonjezeranso. Mphesa ziwiri zinagwa, n'kugubuduzikira pansi pa tebulo. Pamenepo zala za amayi zinapindika.

Anatola mphesa imodzi n'kuiika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, maso atatsinzina. Anatola kachidutswa ka apozi. Anatola china. Kamphesa anaima duu, misozi ikutsikira pa epuloni, osayerekeza kuipukuta, mpaka chikhatho chinatsala chopanda kanthu ndipo amayi ananyambita chala.

"Zili bwino," anatero. "Phikani."

Anawakhazika pa thumba la ufa, n'kuvundukula sikelo. Zotsala m'kapu zinalemera magalamu 180. Anasonkheza uvuni, n'kukanya, amayi akuyang'ana dzanja lililonse, nthawi zina akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Buledi anafufuma bwino, pakati osafwamphuka. Podula, mphesa zinali ponseponse, zosaunjikana, zosasowa. Anakhala pakhonde la kuseri dzuwa litapendeka. Amayi sananunkhize, sanatobwanye. Ananyema chidutswa, n'kuviika mu tiyi, n'kudya. Atamaliza ananyemanso kam'mphepete ka chidutswa chachiwiri. Sizinali zambiri, mwana wamng'ono akanadya kuposa pamenepo. Koma atelala, amene anasuzumira pa mpanda atamva fungo, anavula chipewa n'kubwerera osanena nthabwala iliyonse.

Achimwene anafika mawa lake ndi galimoto yobwereka ija. Anapeza bekale ali wotseka, mlongo wawo atavala epuloni ya malemu, amayi ali pakhonde nyenyeswa zili pa bulangete, akutafuna. Anaima ndi makiyi m'manja, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko.

"Waipeza nambala?"

"Ndaipeza. Taonani pakhomapo." Anali atalemba ndi khala pakhoma loyandikana ndi tebulo, manambala akuluakulu: 180.

"Ndinakuuza ine! Sikelo ilibe chibale. Ndiye chikapu chadzimbiricho taya, chingatidwalitse."

"Ayi, achimwene. Nambalayo ndi ya buledi. Kapu ndi ya amayi."

Anawafotokozera zonse, kuyambira pa chala mpaka pa chikhatho. Achimwenewo anamvetsera atatsamira tebulo, ndipo atamva za mawu a abambo aja anatembenukira kuwindo n'kukhala nthawi akuyang'ana kunja kumene kunalibe choona.

"Ine ndinkayesa ankangowanyengerera," anatero kenako, mawu atasasa. "Ndinkawaona ndikamachokera kusukulu. Sindinadziwe kuti zinali mu muyezo." Anapukuta mphuno. "Nanga magolosale? Masana suzichokanso?"

"Ndizikasiya m'mawa. Amene akufuna buledi wa masana adzatenge yekha, miyendo ali nayo."

"Anamwino akabwera undiimbire. Akapepukanso, Kamphesa, ndibwera ndithu. Usadzati sindinanene."

"Ndamva, achimwene."

Chikwama chinakhalabe pamwamba pa kabati. Galimoto inabwerera ndi munthu mmodzi, ndi theka la buledi wokulunga mu nsalu pa mpando umene akanakhalapo amayi.

Kuyambira pamenepo masana alionse Kamphesa ankatseka chitseko cha kumsewu, n'kukhala phee m'kachipinda ka matumba mpaka amve chivundikiro cha ndowa. Sankawathandiza kuyenda, sankawathandiza kutsindira. Ankangodikira dzanja litambasuke, n'kuvala epuloni. Zotsala ankaziyezabe pa sikelo, ndipo tsiku lililonse nambala inkagwera pafupi ndi ya pakhoma ija, ngati kuti chikhatho cha amayi chinali ndi manambala akeake. Mantha a masana anatha, koma sanathe onse. Akaima pa simenti yoperepesekayo ankamva ngati waima pa malo a mwini wake amene wangopatuka pang'ono, ndipo sankacheuka.

Tsiku lina madzulo, atavula epuloni n'kuipachika, anakhala ndi amayi pakhonde. Amayi anadya chidutswa chawo chonse, n'kukunkha nyenyeswa ndi chala. Kenako anamuyang'ana mwana wawo m'maso, bwinobwino, monga anali asanachitire kwa nthawi yaitali, n'kumukodola kuti asendere.

"Iwe Kamphesa."

"Wawa, amayi."

"Abambo ako aonda," ananong'ona, akuyang'ana cha ku chitseko cha bekale kuti mwina angamve. "Zala zawo zatha, zatsala ngati za mwana. Uziwadulirako nawonso."

Kamphesa anayang'ana chitsekocho. Chinali chotseguka pang'ono, ndipo mkati munali mutayamba kuda. Anatenga mpeni, n'kudula chidutswa china chochindikala, n'kuchiika pa mbale, pa mpando wachitatu.